Zithunzi Zisanu ndi Ziwiri Zimene Esitele Sanajambule

Esitele ndinamudziwa mu 1995, pamene anafika pa boda ya Mchinji ndi ndowa imodzi yobooka ndi kamtolo ka zovala. Ine ndinali nditakhalapo kale zaka zitatu, ndikusita zovala za madalaivala ndi simbi yamakala kuseri kwa golosale ina, ndipo ndinkadziona ngati mwini malo. Dzina langa ndine Veronika. Ndikulemba izi chifukwa anthu akwawo ananena zambiri za mkazi ameneyu, ali moyo ngakhalenso atamwalira, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kumene ankagwira ntchito. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Guilleme. Sukulu anasiyira Sitandade 5, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Mkanda amene ankalima fodya pa esiteti ngati tenanti. Mwamunayo anadwala miyezi iwiri n'kumwalira chaka cha zisankho chija, kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Malita. Esitele atabwerera kwawo anapeza munda wa malemu mayi ake abale atagawana kale, iye n'kumuloza kachigawo ka pamiyala kumene ngakhale mtedza umachita manyazi kumera. Anasiya Malita m'manja mwa achimwene ake, a Vitus, n'kubwera ku boda kudzayesa mwayi. Ankati ndi za miyezi itatu basi.

Masiku amenewo mathiraki ankaima mzere wautali kudikira mapepala a kasitomu, ena masiku awiri, ena sabata yathunthu. Ankanyamula simenti, feteleza, shuga, fodya. Dalaivala wochokera ku Lusaka kapena ku Kitwe ankatsika thupi lonse likununkha dizilo ndi thukuta la masiku anayi. Tonsefe fungolo tinkangolimva n'kupinda mphuno, koma Esitele analimva n'kuona ntchito. Anapeza migolo iwiri, anamanga timabafa titatu taudzu kuseri kwa malo oimika mathiraki, n'kuyamba kutenthetsa madzi osamba. Dalaivala akafika, ankamuikira ndowa ya madzi otentha, n'kutenga ovolosi yake kukachapa. Zikauma ine ndinkasita. Tinayamba kugona m'chipinda chimodzi, ndipo ndinamuzolowera ngati m'bale wanga wa bere limodzi, ngakhale anali ndi mtima wouma ngati chitsa cha m'mbali mwa njira.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Kwathu kuno mkazi amene amaikira mwamuna madzi kubafa ndi mkazi wake, ndipo akasiya kumuikira, ankhoswe amaitanidwa. Ndiye mbiri itafika kumudzi kuti Esitele amaikira madzi amuna khumi pa tsiku, anthu sanafunenso kumva zina. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chimene sananene n'chakuti Esitele anali ndi malamulo ake. Ndowa ankaisiya pakhomo pa bafa, iye osalowa. Kabudula wamkati sankachapa, ngakhale munthu atachonderera bwanji. Dalaivala akayesa kumubisa m'thumba la ovolosi, ankamunyamula ndi kamtengo n'kukamupachika pa galasi la thiraki, anzake onse akuona.

"Ameneyu mukawapatse amene munalumbira nawo kutchalitchi," ankatero.

Pofika 1998 Malita anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Esitele anali atapeza chipinda chachiwiri choyandikana ndi chathu, atagula mphasa yatsopano ndi bulangete, atakalankhulanso ndi aphunzitsi pa sukulu yapafupi. Chimene ankafuna pa dziko lapansi chinali chimodzi: kutenga mwana wake kuti azikhala naye. Koma mwana wa mlongo ndi wa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali a Vitus, amenenso anali mkulu wa mphakati wa tchalitchi m'mudzimo. Atawapempha mwanayo, anamuyankha ndi kalata imene ine ndinamuwerengera. Anati mwana wa mbumba yawo sangakakulire pamalo pamene mayi ake ali mkazi wa msewu wonse. Anati akawaonetsa kuti ntchito yake ndi yoti munthu angaitchule pagulu, adzakambirana. Kubwera okha kudzaona anakana, poti munthu wa udindo wawo sangaoneke kumalo otere.

"Ngati maso awo akukana kubwera kuno, malowa ndi amene apite kwa maso awo," anatero Esitele. Anatsegula sutikesi yake yachitsulo n'kutulutsa kamera ya Mateyo.

Mateyo anali dalaivala wa ku Katete, ku Zambia, wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankadutsa kawiri pa mwezi ndi thiraki yobiriwira ya simenti. Nthawi zonse ankaimika malo amodzi, pansi pa bulugamu woyang'anizana ndi migolo ya Esitele. Sankamwa mowa, sankaseka ndi akazi. Akasamba ankakwera m'thiraki mwake n'kukhala pa windo, chigongono chili kunja, kumangoyang'ana. Ine ndinkamuseka Esitele kuti munthuyu wagwa naye m'chikondi, iye n'kundiyankha kuti akagwere kwina, pano pali matope. Ulendo wake womaliza, mu Febuluwale, anasiya ovolosi yoti ichapidwe ndi kakamera kakuda.

"Amai, nisungileni ka kamela aka, ku njila kuli bakawalala. Nizatenga pobwela."

Sanabwerenso. Anzake anatiuza kuti thiraki inamuthera mabuleki m'mapiri a ku Luangwa, ndipo anafera pomwepo. Esitele anachapa ovolosi ija, ine ndinaisita, n'kuitumiza kwawo ndi dalaivala wina. Kamera anaiiwala mu sutikesi, kapena sanafune kuikumbukira, sindikudziwa.

Tsopano mu Juni anaitulutsa. Munali filimu kale, ndipo pakawindo kakang'ono pamwamba pake pankaoneka nambala 9. Mnyamata wolemba mapepala a kasitomu anatiuza kuti filimu yotere imakwana zithunzi 36, ndiye kuti zatsala 27, n'kumuonetsa Esitele podina. Ine ndinamuuza kuti za munthu wakufa sitiseweretsa. Anandiyankha kuti sakuseweretsa, akubwereka, ndipo Mateyo akanakhala moyo sakanamukaniza.

Anajambula masiku anayi, pang'onopang'ono, ngati munthu wothira mchere wopempha. Anajambula migolo ili pamoto, mulu wa nkhuni, mjigo umene ankatungako madzi, timabafa taudzu, chingwe chodzaza maovolosi, mphasa yatsopano ya Malita, ndi ine ndikusita nditakwinya nkhope ndi utsi. Kamera sankalola munthu kuikhudza. Akamaliza ankaibwezera mu sutikesi n'kukhoma, kiyi n'kumumangirira pachingwe cha m'khosi pamodzi ndi kolona. Nthawi iliyonse akadina ankalemba kamzere pakhoma ndi khala, kuti asasokoneze.

Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti abwere ndimujambule iye mwini. Anadziyang'ana, diresi litang'ambika pamkhwapa, miyendo ili mbuu ndi phulusa, n'kunena kuti Loweruka, akasamba n'kuvala bwino. Ndinavomera. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ife mitu inali iwiri ndipo denga linatigwerabe. Lachisanu masana, atadina kachimakumi awiri, kamera inalira yokha, *zzzzz*, kukulunga filimu. Inali itatha.

Tinawerenga timizere pakhoma katatu. Tinalipo makumi awiri. Zisanu ndi zinayi za Mateyo kuphatikiza makumi awiri za Esitele sizikwana 36, ngakhale kwa ine amene masamu anandithamangitsa kusukulu. Zisanu ndi ziwiri zinasowa. Ndinati mwina batani linkadinika lokha mu sutikesi, zikatuluka zakuda. Esitele anagwedeza mutu kuvomera, koma dzanja lake linapita pachingwe cha m'khosi kukagwira kiyi.

Filimu tinaipereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe, amene anakaitsukitsa n'kutibweretsera envulopu Loweruka la sabata yotsatira, yomata ndi mawaya atatu. Ndinatambasula dzanja kuti nditsegule, iye anandimenya pankono.

"Ndikatsegulira pamaso pawo. Asakanene kuti ndasankhamo zabwino zokhazokha."

Ndinamuuza kuti munthu wanzeru amalawa ndiwo asanapereke kwa alendo. Sanandimvere. Envulopu inagona mu sutikesi, ndipo Lamulungu m'mawa tinakwera matola mpaka pamphambano, kotsalako n'kuyenda pansi, kudutsa m'minda ya mtedza wokumba kale.

Tinapeza a Vitus atangobwera ku Misa, akadali ndi jekete. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Sindinganene kuti anali woipa. Malita ankamudyetsa ndi kumuveka ngati wawo, ndipo mantha awo anali enieni. Koma anali mtundu wa anthu amene akamva chinthu pakhomo pa tchalitchi amachitenga ngati chalembedwa m'buku. Anatiyalira mphasa pakhonde, iwo n'kukhala pampando, kathebulo kali patsogolo. Malita anabwera kudzagwada, anapereka moni kwa mayi ake ndi manja awiri ngati kwa mlendo, n'kukaima patali pafupi ndi nkhokwe.

"Achimwene, munati ndikuonetseni. Ndabweretsa, ndipo sindinatsegule," anatero Esitele.

A Vitus anachotsa mawaya aja ndi chikhadabo n'kuyamba kuyala zithunzi chimodzichimodzi monga zinasanjidwira. Zoyamba zinali za Mateyo: mlatho wautali, msewu wokhotakhota m'mapiri, thiraki yobiriwira, mayi wina wokalamba atakhala pakhomo pa nyumba yamalata. Anafunsa kuti izi ndi ziti. Esitele anafotokoza kuti kamera inali ya dalaivala amene anamwalira. Ndinaona milomo ya a Vitus ikulumana pa mawu akuti dalaivala, ndipo ndinadziwa kuti tayamba ndi phazi lamanzere.

Kenaka zinabwera za Esitele. Migolo. Nkhuni. Timabafa topanda munthu. Maovolosi asanu ndi limodzi ali pachingwe, mphepo itawafufumitsa, manja ali tambalale ngati amuna opanda mitu. Malo amene ine ndinkawadziwa ngati chikhatho changa, a phokoso ndi fumbi ndi nthabwala, pazithunzipo ankaoneka ngati mudzi umene anthu athawamo.

"Migolo ndaiona," anatero a Vitus. "Nanga iwe uli kuti? Migolo imeneyi ingakhale ya aliyense."

Ine ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Masiku anayi kujambula ntchito yake, mwini ntchito osaonekamo.

A Vitus anatembenuza chotsatira, ndipo dzanja lawo linaima m'malere.

Anali Esitele. Anali atasenza ndowa pamutu, ina ili m'manja, akuchokera kumjigo, khosi litapindika ndi kulemera, diresi lomwe lija long'ambika pamkhwapa. Chithunzicho chinajambulidwa kuchokera pamwamba, monga amaonera munthu amene wakhala pa windo la thiraki. M'munsi mwake munkaoneka nthambi ya bulugamu itadutsa pakona. Chinali pakati pa chithunzi cha maovolosi ndi cha mjigo, zimene Esitele anajambula Lachiwiri, chimodzi pambuyo pa chinzake.

Tsitsi linandiima. Dzuwa linali paliwombo, nkhuku zikupalasa pabwalo, ana akuimba kutali, koma ine ndinamva kuzizira kuyambira kumsana mpaka kuzidendene. Ndinayang'ana Esitele. Nkhope yake inali itauma, maso ali pachithunzi, dzanja lili pakhosi.

Zinalipo zisanu ndi chimodzi za iye, zitamwazikana pakati pa zimene anajambula yekha. Pena akuwaza nkhuni. Pena atawerama pabeseni, ovolosi yakuda ndi girizi ili m'manja. Pena akusiya ndowa pakhomo pa bafa, nkhope atayang'anitsa kumbali, monga ankachitira nthawi zonse. Pena atakhala yekha pa tayala lakutha akudya chinangwa, mapazi otupa atawaviika m'madzi otsala. Zonse kuchokera pamwamba, zonse kuchokera malo amodzi. Pa chilichonse sankadziwa kuti akujambulidwa. Pa chimodzi chokha anali atatukula mutu, akuyang'ana molunjika kumene kunali kamera, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa koma sakuona woitana.

A Vitus anavula magalasi, anawapukuta ndi ngodya ya jekete, n'kuwavalanso. Anayang'ana nthawi yaitali chija cha mapazi otupa. Atayamba kulankhula, mawu awo anali atatsika.

"Waonda, mlongo wanga. Sindimadziwa kuti umakhala chonchi." Anatukula mutu. "Koma wakujambula ndani?"

Funso limenelo linali msampha mbali zonse. Akanati dalaivala, zonse zimene anthu ankanena zikanatsimikizika. Akanati sakudziwa, kapena akanatchula munthu amene anali m'manda kuyambira Febuluwale, akanati wapenga, kapena wayamba zamankhwala, ndipo mwana sapatsidwa kwa wopenga. Ndinaona kuti Esitele, ndi kuuma mtima kwake kuja, akufuna kunena zoona. Ndinamuponda chala.

"Ndine, bambo," ndinatero. "Ndinkakwera pamwamba pa thiraki iye osadziwa. Ndimafuna mumuone mmene alili, osati atadzikonza."

Ndinanama pa Lamulungu, pamaso pa mkulu wa mphakati, ndipo sindinalapepo. A Vitus anandiyang'ana, anayang'ana thupi langa lonenepali, mwina akudabwa kuti ndinakwera bwanji, koma anagwedeza mutu kuvomera. Anatenga chithunzi chotsala, chomaliza mu envulopu, anachiyang'ana mwachidule n'kuchiponya pamwamba pa zinzake.

"Ndiye ana a sukulu amapezekanso kumeneko. Chabwino. Ndinakulakwira, Esitele. Mwanayu mutenge. Alamu ako amulongedzere zovala."

Ndinafuna kululutira. Malita, amene ankamva zonse ali pankhokwe paja, anathamangira m'nyumba osadikira kutumidwa. Koma Esitele sanathokoze. Anali atatola chithunzi chomaliza chija.

Ndinasendera kuti ndione. Chinalinso chochokera pamwamba, nthambi ya bulugamu ili pakona. Panali mathiraki awiri oima moyandikana, ndipo pakati pake, kumbuyo kwenikweni kwa matayala a imodzi, panaima kamtsikana kovala yunifolomu yabuluu, katatifulatira. Tayala linali lalitali kukaposa. Kanaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo katalikola kuseri kwa bondo, dzanja limodzi likugwira khutu. Nyali zakumbuyo za thirakiyo zinali zoyaka, zija zoyera zimene zimayaka dalaivala akafuna kubwerera m'mbuyo.

Nthawi yomweyo Malita anatuluka ndi jumbo ya zovala, n'kuima pafupi ndi mzati wa khonde kudikira akuluakulu amalize. Anaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo atalikola kuseri kwa bondo, dzanja likuseweretsa khutu.

Malita anali asanapondepo pa boda chibadwire.

Ndinanong'oneza Esitele kuti ana onse amaima choncho, kuti pa boda pamadutsa ana ambiri ogulitsa mtedza ndi nthochi, kuti yunifolomu zabuluu zili m'dziko lonse lino. Zonsezo zinali zoona. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwana, anayang'ananso chithunzi. Kenaka anachilowetsa m'bulauzi.

"Achimwene, zikomo. Koma mwanayu akhale konkuno."

A Vitus anaganiza kuti sanamve bwino. Esitele anabwereza, mawu ali phwaa, ngati akuwerenga kalata ya munthu wina.

"Ndiye wativutitsiranji zaka zonsezi?" anafunsa, nkhope ikusintha. "Ndakulola, iwe ukukana? Kapena pali zimene sukufuna kuti mwana akaone?"

"Akhale konkuno," anatero basi.

Akanatha kufotokoza, koma kufotokoza kukanatanthauza kuti ine ndanama, ndi kuti zithunzi zimene zinamuyeretsa zinajambulidwa ndi munthu amene sitingamutchule. Ndinaona ndi maso anga chisoni chija chimene chinabwera mwa a Vitus chikuuma n'kubwerera kukhala chimene ankakhulupirira poyamba. Anasonkhanitsa zithunzi, kuzibwezera mu envulopu, n'kuzikankhira kwa mlongo wawo ndi chala chimodzi.

Malita sanalire. Anatitsatira ndi jumbo yake mpaka kumapeto kwa mudzi, mapazi asanu kumbuyo kwathu. Esitele atatembenuka n'kumuuza kuti abwerere, anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndalakwa chiyani, amayi?"

Esitele anagwada, anamukonza kolala ya diresi, n'kumuuza kuti sanalakwe kanthu. Anadzuka n'kuyenda osacheukanso. Njira yonse mpaka pamphambano ndinamulalatira. Ndinamutcha chitsiru, ndinamutcha wamantha, ndinamuuza kuti wataya mwana chifukwa cha kapepala. Iye misozi inkangotsika, osaipukuta.

Titafika pa boda dzuwa linali likadalipo. Osalowa ndi m'nyumba momwe, anandikoka dzanja mpaka pansi pa bulugamu uja. Ndinali nditaiwala, koma iye sanaiwale. Kuyambira mwezi wa Meyi anthu okonza msewu anali atathira mulu wa miyala pamalopo, ndipo anakumba ngalande mozungulira. Panalibe thiraki imene ikanaimapo sabata imene zithunzi zinajambulidwa, ngakhale njinga. Ndinakwera pamulupo ndi maondo kuti ndione ngati munthu angajambulire pamenepo. Unali waufupi. Migolo inkaoneka cham'mbali, osati kuchokera pamwamba. Nthambi ija inali pamwamba pa mutu wanga, patali moti sindikanaifikira ngakhale nditatambasula dzanja.

"Anandionetsa," anatero Esitele. "Munthu uja sankalankhula, koma ankaona."

Ndinamuyankha kuti akufa alibe zala zodinira kamera. Anati iyenso akudziwa.

Sabata yomweyo anakulunga kamera m'nsalu n'kuipereka kwa dalaivala wa ku Katete, pamodzi ndi zithunzi zisanu ndi zinayi zija, kuti akapatse mayi wokalamba wa pakhomo pa nyumba yamalata. Chipinda chachiwiri anachibweza kwa mwini wake. Mphasa yatsopano anaipinda n'kuiika pamwamba pa mitanda ya denga, ndipo inakhala pomwepo mpaka chiswe chinaimaliza. Ntchito anapitiriza monga kale, kupatula chinthu chimodzi: mwana aliyense akayandikira kumbuyo kwa thiraki, ankasiya chilichonse chimene wagwira n'kuthamanga akukuwa, mpaka amayi ogulitsa nthochi anamupatsa dzina lakuti Apolisi. Pa zaka zonse zimene ndinakhalako, palibe mwana amene anagundidwa pamalo pathu. Kaya ndi chifukwa cha kukuwa kwake, kaya ndi chifukwa panalibe choti chichitike, ine sindikudziwa.

Kumudzi ankapita pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, atanyamula nsapato, makope ndi sopo. Malita ankalandira ndi manja awiri n'kunena zikomo. Atafika ku sekondale anapempha kawiri kuti adzakhale kwa mayi ake pa holide, ndipo kawiri konse Esitele anakana. Kachitatu sanapemphenso.

Utsi wa nkhuni wa zaka khumi unamulowa Esitele m'chifuwa. Anayamba kutsokomola mu 2005, ndipo mu Ogasiti 2006 anamwalira m'chipatala, ine ndili pambali pake. Kumudzi ananena matenda amene anafuna kunena. Asanamwalire anandipatsa kiyi wa sutikesi, momwe ndinapezamo chithunzi chija cha kamtsikana.

Tinamuika kwawo. M'mawa mwake, anthu akubalalika, Malita anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, wa nkhope ya mayi ake yeniyeni. Maliro onse sindinamuone akulira.

"Anti, inu munalipo tsiku lija. Amalume anavomera. Amayi anandikaniranji?"

Ndinapukuta manja, ndinatulutsa chithunzi chija m'chikwama, n'kumuuza zonse, kuyambira kamera ya Mateyo mpaka mulu wa miyala. Ndinkaganiza kuti ndikumupatsa mankhwala. Ndinkaganiza kuti akadziwa kuti mayi ake anamusiya chifukwa chomukonda, mtima wake utsika.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chitayamba kufiira, m'mbali mwake mutanyowapo ndi thukuta la m'bulauzi. Sanafunse ngati kamtsikanako kanali iye, ndipo sanatsutse. Anachibweza m'manja mwanga, ndipo apo ndi pamene nkhope yake inasweka.

"Akanandifunsa, Anti," anatero. "Ine ndikanalola thirakiyo indiponde, bola ndikanakhalako ndi amayi anga ngakhale mwezi umodzi."